Polony ndi biltong zochokera ku Joni: tidye kapena titaye?

Nambewe (Kawale)
Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru msanga chifukwa ana akudikira ndi buledi m'manja. Achimwene anga a ku Joni atitumizira katundu pa basi. M'chikwamamo muli biltong (nyama youmitsa), polony wamkulu awiri ndi paketi imodzi ya tisoseji ta ma vienna. Akuti anagula Lolemba, basi inanyamuka Lachiwiri koma inachedwa pa Beitbridge, ndiye katunduyu ndamulandira lero Lachisanu. Deti la pa polony silinakwane, kwatsala sabata ziwiri. Ndanunkhiza, sakumveka fungo. Koma paketi ya ma vienna yafufuma pang'ono ndipo mkati muli timadzi toyera. Biltong nayo ili ndi zoyera pamwamba, kaya ndi mchere kaya ndi chuku. Pakhomo pano ndikukhala ndi mng'ono wanga, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Tidye kapena titaye? Kutaya kukundipweteka mtima, mwana wa mayi anga anakhetsera thukuta ndalama imeneyi.

aPhiri a ku Ndirande
Achemwali, musataye chakudya nthawi yovuta ino. Ife timagula soseji yoti yakhala pa benchi tsiku lonse, timangoikazinga m'mafuta otentha mpaka idere, ndipo kwathu palibe anadwalapo. Dulani polonyo mukazinge bwinobwino. Moto umapha tizilombo tonse.

Make Tadala
Pa polony ndili mbali ya aPhiri popeza deti silinakwane. Koma ma vienna ofufumawo ayi, amenewo ndingaope.

Mayi Nachisale (namwino wopuma, Zomba)
Mwachita bwino kufunsa mwana wanga, safunsa anadya phula. Ma vienna aja tayani, musalawe n'komwe. Paketi yomata ikafufuma ndiye kuti mkatimo tizilombo taswana ndipo tikutulutsa mpweya. Timadzi toyerato tikunenanso zomwezo.

Polony naye ine ndikuti atayidwe, ngakhale deti lake lili patali. Werengani pa chikutiro chakecho, mupeza palembedwa kuti azisungidwa m'filiji. Deti lija analiwerengera nyama yokhala pozizira, posapitirira madigiri 5, kuchokera ku fakitale mpaka m'nyumba mwanu. Wanuyu wagona kunsi kwa basi masiku atatu, wadutsa Harare, Nyamapanda, n'kudzalowa m'ng'anjo ya ku Tete mwezi uno wa Okutobala. Pamenepo deti latha mphamvu. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pomwe tizilombo timaswana mofulumira, tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zokha. N'chifukwa chake a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati chakudya chophika chisakhale kunja kwa filiji kupitirira maola awiri.

aPhiri, moto umaphadi tizilombo, pamenepo sindikukutsutsani. Koma pali tina, monga Staphylococcus, timene tikaswana timasiya poizoni m'chakudya, ndipo poizoni ameneyo sapsa. Mukazinga, tizilombo tifa, poizoni atsala momwemo. Pakapita maola awiri kapena anayi munthu amayamba kusanza kosalekeza. Wamkulu amapirira. Mwana wa zaka ziwiri madzi amatha m'thupi usiku umodzi, ndipo ana otere ndawanyamulapo m'manja mwangamu ali lefu, maso atalowa.

aMbewe (Germiston)
Nambewe mlongo wanga, mverani mayiwa. Ife tili kunofe nkhani ya polony timaikumbukira bwino. Kuyambira Januwale 2017 kuno ku South Africa kunabuka matenda a listeriosis, ndipo kwa chaka chathunthu madokotala ankangoona anthu akufa osapeza gwero. Chinaulula ndi ana asanu ndi anayi a ku sukulu ya mkombaphala ku Soweto amene anadwalira limodzi mu Januwale 2018. Atayeza polony amene anawo anadya anapezamo kachilomboko. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo, a Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti gwero ndi fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Anthu amene anatsimikizika kuti anadwala anakwana 1,060, ndipo 216 anamwalira. A WHO anati mliri wa matendawa waukulu chotero sunaonekepo kwina kulikonse. Kumudziko boma linaletsa nyama zoterezi kulowa kuchokera kuno, ku Zambia ndi ku Mozambique chimodzimodzi.

Ndikukumbuka mashelefu a polony ali mbee m'masitolo, anthu ali pa mzere kubweza zimene anagula. Amayi ogulitsa kota, buledi uja amamubowola n'kuikamo tchipisi ndi polony, malonda awo anaima chiriri. Chimene chinandiopsa ine n'chakuti polony amene anapha anthuwo sanali wovunda. Anali wa m'filiji, deti lili bwino, fungo lake lokoma. Ndiye mukati mwanunkhiza, mphuno siingakuuzeni za kachilombo kameneka. Ndipo pakati pa amene anadwala panali makanda ambiri ongobadwa kumene, anatengera kwa amayi awo ali m'mimba. Mng'ono wanuyo asayandikire.

aPhiri a ku Ndirande
Ndamva aMbewe. Koma tinene zoona, anthu amene akulangiza kutayawa ambiri ali ndi filiji ndi malipiro a pamwezi. Kuno ku Ndirande munthu amapeza nyama kamodzi pamwezi. Ukamuuza kuti ataye, adya chiyani? Makolo athu analibe filiji, ankadya mkute, ankadya nyama ya sabata yatha, ndipo anakalamba.

Mayi Nachisale (namwino wopuma, Zomba)
aPhiri, funso lanu ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Inenso ndinakulira m'nyumba yopanda magetsi. Koma nyama ya sabata yatha imene makolo ankadya inali youma, yowamba, ya mchere. Tizilombo timafuna madzi kuti tiswane, ndiye iwo ankachotsa madziwo. Polony ndi nyama yogaya, yonyowa, ndipo amadya osaphikanso. Ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Komanso mwana akagonekedwa m'chipatala, ndalama ya minibasi, ya chakudya cha womudikirira ndi masiku amene simunapite ku geni zimaposa mtengo wa polony awiri.

Ndiwonjezere pa zimene anena aMbewe. Listeria, kachilombo koyambitsa matenda a listeriosis aja, amaswana ngakhale m'filiji, pang'onopang'ono koma amaswana. Mayi woyembekezera akamutenga amangomva kutentha thupi ndi kuphwanya, ngati malungo kapena chimfine, ndipo zimatha kuyamba patapita masabata angapo, mwinanso miyezi iwiri, aliyense ataiwala zimene anadya. Koma mwana amatha kufera m'mimba, kubadwa masiku asanakwane kapena kubadwa wodwala kwambiri. N'chifukwa chake mayi wapakati, ngakhale polony atagulidwa lero lomwe, azidya wotenthetsa mpaka atuluke nthunzi, kapena angomusiya kufikira atachira.

Nambewe (Kawale)
Zikomo mayi. Ma vienna ndataya kale m'chimbudzi chokumba kuti ana kapena agalu asatole. Polony naye apita komweko. Nanga biltong? Ili m'jumbo ya pulasitiki, zidutswa zina zauma gwa, zina zikufewa ukazitsina. Zoyerazo zili pa zonse, koma pa ziwiri zikuoneka ngati timaubweya.

aMbewe (Germiston)
Biltong ndi nkhani ina, imeneyo musafulumire kutaya. Amaikonza ndi mchere wambiri, viniga ndi coriander, kenako n'kuipachika pamphepo masiku angapo. Anaikonzera ulendo wautali, filiji kusanabwere. Mdani wake ndi jumbo yanuyo. M'pulasitiki imachita thukuta, ndipo chuku chimayambira pamenepo. Itulutseni pompano.

Zoyerazo muzisiyanitse motere. Mchere umakhala ngati timchenga, ukaukhudza umakhakhala, ndipo mukadonthezapo madzi umasungunuka. Chuku chimakhala ndi ubweya, chimamera m'timadontho tozungulira, ndipo chimanunkha ngati zovala zimene zakhalitsa m'sutikesi nthawi ya dzinja. Kuno anthu akaona kachuku koyera kochepa pa chidutswa chouma bwino amapukuta ndi kansalu koviika mu viniga n'kuchipachikanso. Koma chikakhala chobiriwira kapena chakuda, kapena nyamayo ikuterera, amataya. Ziwiri za ubweyazo, popeza ndi zofewanso, ine ndikanataya. Zotsalazo pachikani pa chingwe pamalo podutsa mphepo, muphimbe ndi kaneti ka udzudzu kuti ntchentche zisatere, zikauma muike m'pepala la khaki kapena m'kathumba ka nsalu.

Achimwene anuwo muwauze mwaulemu kuti ulendo wina azitumiza youma kwambiri, asalole kuti ku butchala amupatse yonyowa mkati ija. Polony asamatumizenso, bola atumize ndalama mugule komweko.

Mayi Nachisale (namwino wopuma, Zomba)
Zoona zimenezo. Kungoti biltong siphikidwa, imangouma. Wapakatiyo musamupatse yotafuna. Iviikeni m'madzi, muiphike ndi tomato kapena muitendere nsinjiro ibwate bwino, pamenepo adye ndi nsima mtima uli m'malo.

Nambewe (Kawale)
Ndatero. Ziwiri zija ndataya, zina zili pa chingwe pakhonde. Ana alira pang'ono koma ndawakazingira mazira. Achimwene ndawaimbira, adandaula ndithu, koma atamva za mng'ono wathu anena okha kuti ndachita bwino.

Bambo a Yamikani (wa golosale, Kasungu)
Popeza nkhani ya madeti yatuluka, ndiloleni ndinenepo monga munthu wogulitsa. Pa katundu pamalembedwa mitundu iwiri ndipo makasitomala ambiri amaisokoneza. Pena pamalembedwa best before. Pamenepo akunena za kukoma. Mabisiketi, masamba a tiyi, mpunga, makaroni, zikadutsa tsikulo ndi sabata zingapo sizisanduka poizoni, mwina bisiketi angofewa, bola paketi isakhale yobooka kapena yonyowa. Pena pamalembedwa use by, makamaka pa nyama, yogati, mkaka wa m'filiji ndi soseji. Limenelo ndiye deti la moyo wanu, likadutsa musadye ngakhale chinthucho chikuoneka bwino.

Pa zam'chitini, ine ndimayang'ana chitinicho kuposa deti. Chikatupa pamwamba kapena pansi, chikachita dzimbiri pamsoko, chikaphwanyika m'mphepete pomwe anamatira, kapena chikapemerera madzi potsegula, sindigulitsa ndipo kunyumba kwanga sichilowa. M'chitini mulibe mpweya, ndipo muli kachilombo kamene kamakonda malo otero, kamayambitsa botulism. Amenewo si matenda otsekula m'mimba wamba, amafoola minofu mpaka munthu kulephera kupuma.

Koma ndinene poyera: kudya bisiketi wanu wodutsa deti kunyumba ndi nkhani yanu, kugulitsa katundu wotha deti ndi mlandu. Anzathu ena amafufuta deti ndi sipiriti kapena kumatapo pepala la mtengo, makamaka nyengo ya Khirisimasi pomwe anthu amagula mothamanga. Zimandiwawa chifukwa zimaipitsa mbiri ya tonse. Mukaona zotero kaneneni ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Competition and Fair Trading Commission, ntchito yawo ndi imeneyo.

Make Tadala
Bambo a Yamikani mwanditsegula m'maso, ine ndimangoti deti ndi deti. Tsopano funso langa ndi la magetsi. Sabata yatha anathima kuyambira m'mawa mpaka usiku, mawa lakenso chimodzimodzi. Mu deep freezer ndinali ndi nkhuku ndi nyama ya mbuzi. Zinasungunuka pamwamba, magetsi atayaka zinaumanso. Kodi zimenezi zili bwino? Apongozi anga akuti nyama ikasungunuka n'kuumanso ndiye yaipa basi.

Mayi Nachisale (namwino wopuma, Zomba)
Make Tadala, zimatengera kuti inasungunuka kufika pati. Deep freezer yodzaza, ngati simukuitsegula, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48. Ya theka, maola 24. Filiji wamba ndi maola anayi okha. Ngati nyama inali ikadali ndi ayezi mkati, yolimba mukaidina, palibe vuto kuiumitsanso, kungoti kukoma kumachepa. Koma ngati inafeweratu, magazi n'kuyenderera pansi, ndipo poigwira sinali yozizira, imeneyo siyobwezeramo. Tsiku lotero njira ndi kuiphika nthawi yomweyo isanafunde, kapena kuiwamba.

Chothandiza ndi kudzaza mabotolo a madzi m'malo otsala mu freezer. Amaundana n'kumagwira kuzizira magetsi akapita. Ndipo ana muwauze kuti magetsi akathima chitseko chimenecho sichitsegulidwa, ngakhale afune madzi ozizira.

Agogo aNaphiri (Dedza, akulemba ndi mdzukulu wawo)
Ana anga, ndamva zonse, mdzukulu wangayu wandiwerengera. aPhiri anena za ife makolo, ndiye ndifotokoze mmene tinkachitira, chifukwa sikuti tinkangosiya nyama pa mbale n'kumapemphera. Mbuzi ikaphedwa, zam'kati, chiwindi, matumbo ndi mapapo zinkadyedwa tsiku lomwelo. Zimenezo sizisungika. Mnofu tinkaucheka mizere yaitali yopyapyala, yosaposa chala kunenepa. Mafuta tinkachotsa onse chifukwa ndi amene amayamba kununkha. Kenako mchere, osaumira, kuupaka mpaka m'makwinya monse.

Tikatero tinkamanga kansanja ka mitengo pamwamba pa moto wa makala a nkhuni, moto wofatsa, osati wa malawi. Malawi amapsereza kunja mkati muli muwisi, ndipo nyama yotero pakatha masiku atatu mupeza mphutsi zili nyakanyaka pakati. Tinkaitembenuza tsiku lonse, mawa lake n'kuiyanika padzuwa, madzulo kuibwezera pa utsi. Youma bwino ukaipinda imathyoka, ndipo ukaing'amba mkati simuoneka kufiira konyowa. Ikangopindika osathyoka, ibwerere pa moto.

Posunga tinkaipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi wa tsiku ndi tsiku uziifikira. Ntchentche siikonda utsi. Dzinja likafika tinkaitsitsa pafupipafupi kuiwambanso, chifukwa chinyontho chimaibwerera. Inu a masiku ano mumawamba bwino koma mumakaitsekera m'chigubu cha pulasitiki ikadali yofunda, ndiye ichita thukuta n'kuola.

Za mkute ndivomera, tinkadya. Koma nsima ikayamba kutamuka ulusi poinyema, kapena ndiwo zikagaga n'kumachita thovu, zinkapita kwa nkhumba. Nyemba zogona tinkazibwatitsa usiku tisanagone, osazigwiranso ndi chipande chodyera, m'mawa kuzibwatitsanso.

aPhiri a ku Ndirande
Agogo, zikomo, izi ndiye zothandiza ife opanda filiji. Kutiuza kuti titaye kokha sikukwanira, tiziuzidwanso kasungidwe kake. Funso langa: nyama yowamba imene amagulitsa m'misika ndi m'mabasi ija, popeza ndi youma, ndiye kuti ilibe vuto?

aZulu (Chipata)
aPhiri, pamenepo samalani. Kuuma kumateteza nyama imene inali yabwino poyamba. Ngati chiweto chinafa chokha ndi matenda, kuwamba sikuchotsa kanthu. Kuno ku Eastern Province tinaziona mu 2011 ku Chama, mvuu zitafa mumtsinje wa Luangwa ndi anthrax, matenda a nyama amene amagwiranso anthu. Anthu anali pa njala, anakasenda mvuu zija, kudya ndi kuyanika. Opitirira 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Kwanuko mvuu zinafanso ndi matenda omwewa ku Liwonde mu 2018, ndipo mu 2023 a WHO anatchula Zambia, Malawi, Zimbabwe, Kenya ndi Uganda kuti anthrax wabuka. Kachilombo kake kamapirira dzuwa, mchere ndi utsi, kamakhala m'dothi zaka zambiri. Ngakhale wosenda chikopa amatenga, pakhungu pamatuluka chilonda chakuda pakati.

Vuto la nyama yowamba ya pamsika n'lakuti simungadziwe kuti inafa bwanji. Ng'ombe ikafa yokha mwini wake safuna kuluza, amaiwamba usiku n'kukagulitsa kutali komwe sakumudziwa. Ine ndimagula yaiwisi pa butchala pomwe a zanyama anaiyeza n'kuidinda, ndikawamba ndekha kunyumba. Ng'ombe ikagwa mwadzidzidzi, magazi akuda akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, musaitumbule, itanani alangizi a ziweto.

Mayi Nachisale (namwino wopuma, Zomba)
aZulu anena zofunika kwambiri. Ndikumbutsenso za chuku cha mtedza ndi chimanga, popeza ndatchula nsinjiro. Poizoni wake, aflatoxin, nayenso sapsa pa moto ndipo amawononga chiwindi. Ku Kenya mu 2004 anthu 317 anadwala atadya chimanga chotere, 125 anamwalira. Mtedza wofota, wakuda ndi wowawa uja musamausinje kuti usatayike, muzisankha n'kutaya.

Wina akadya choipa n'kuyamba kutsekula, mupatseni Thanzi ORS msanga. Ngati palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Koma mukaona magazi m'chimbudzi, kutentha thupi kwambiri, kuona zinthu ziwiriziwiri, kulephera kumeza, kapena wodwalayo ndi khanda, nkhalamba kapena mayi wapakati, musagone naye pakhomo.

Make Chisomo (wa geni ya nsomba, Salima)
Ndachedwa kulowa, ndinali ku doko. Zimene anena agogo ndi zomwezo ku nsomba. Mlamba ndi kampango zili ndi mafuta, ndiye zowamba zake sizikhalitsa ngati usipa wouma. Pogula, thyolani imodzi pamutu muone mkati, mphutsi zimabisala m'makha ndi m'mimba pomwe kunja kukuwala bwino. Nyengo ya mvula timavutika kwambiri, usipa umatha kukhala pa thandala masiku awiri osaona dzuwa n'kuyamba kuwawa. Pa madoko ena kuno ndi ku Mangochi kuli matenti oumitsira nsomba, ndipo za m'menemo zimatuluka zoyera, zopanda mchenga, koma matentiwo ndi ochepa.

Chimene chimandipweteka mtima ndi anzathu ena amene amawaza nsomba mankhwala osungira chimanga kapena ophera tizilombo m'dimba kuti zisafumbwe. Amenewo ndi poizoni, ndipo nsombazo akudya ndi ana a anthu. Ine ndikaona mulu wa nsomba pa msika, milu yoyandikana nayo ntchentche zili ng'waa koma pa uwo palibe ndi imodzi yomwe, kapena pakumveka kafungo ka mankhwala, ndimadutsa.

Make Tadala
Make Chisomo, ine ndimafuna ndigule usipa wa ndowa imodzi mwezi uno usanakwere mtengo, ndisunge mpaka Febuluwale. Ungafike? Ndiusunge motani?

Make Chisomo (wa geni ya nsomba, Salima)
Ungafike achemwali, koma mugule wouma ndi dzuwa, osati wofutsa. Wofutsa ndi wokoma koma umafewa msanga. Mukafika nawo kunyumba muuyanikenso tsiku lathunthu pa mphasa, muupete kuti tizidutswa ndi fumbi zichoke chifukwa tizilombo timayambira mmenemo. Uzizire kaye musanauike m'thumba. Thumba likhale la saka kapena dengu, osati jumbo, ndipo lisagunde pansi kapena khoma, muliike pa thabwa kapena mulipachike. Sabata iliyonse dzuwa likawala muutulutse maola awiri kapena atatu. Mvula ikagwa masiku otsatizana, uikeni m'lichero pamwamba pa mbaula ya moto wochepa, muziutembenuza mpaka uyambenso kulira tswatswa m'manja. Mundiuze Lachitatu lisanafike ngati mukufuna, ndikusankhireni wa pa thandala la ine mwini ndikutumizireni pa minibasi ya m'mawa.